TIMINGA TA MU UBONGO: MMENE MWANA AMAPHUNZIRIRA NDI MMENE AGOGO AMAIWALIRA

Pano tikusindikiza mawu onse monga mmene anayankhulidwira pa zokambirana za umoyo ndi maphunziro, poti ambiri mwa owerenga athu anatipempha kutero. — Mkonzi

 

Pa misonkhano yotere tinazolowera kukambirana za mavoti, za malamulo oyendetsera dziko ndi za kukwera mitengo kwa zinthu. Lero ndabwera ndi nkhani ya kanthu kakang'ono zedi, kosaoneka ndi maso, kamene aliyense wa ife wasenza miyandamiyanda m'mutu mwake. Mwina ena mukudzifunsa kuti kodi za ubongo zikugwirizana bwanji ndi ufulu umene tinavotera pa 14 June 1993. Ndikupempheni kuti mudekhe, pakuti nkhaniyi ikukhudza phala la mwana wanu, tulo ta wophunzira wa Fomu 4, mantha a munthu amene analawa ndende, ndiponso moyo wa agogo amene ayamba kusochera pamudzi pawo pomwe.

MTENGO UMENE ULI M'MUTU

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, kutanthauza kuti sufika pa mapaketi awiri a shuga, komabe umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse zimene thupi limapeza m'chakudya. M'kati mwake muli maselo otumizirana mauthenga, amene akatswiri amawatcha manyuroni. Mayi wina wa ku Brazil, Suzana Herculano-Houzel, pamodzi ndi anzake anawawerenga ndipo mu 2009 analengeza kuti alipo pafupifupi mabiliyoni 86. Anthu onse padziko lapansi angopitirira pang'ono mabiliyoni 8, choncho m'mutu mwa munthu mmodzi muli maselo ochuluka kakhumi kuposa mtundu wonse wa anthu.

Selo lililonse limaoneka ngati mtengo m'chilimwe masamba atayoyoka. Lili ndi thunthu, lili ndi nthambi zambiri, ndipo lili ndi chingwe chimodzi chachitali chonga waya wa lamya. Nthambi ndi zolandirira mauthenga, chingwecho ndi chotumizira. Mukaziyang'anitsitsa nthambizo pa makina okuza zinthu, mupeza kuti si zosalala ayi: zadzaza ndi tinthu totuluka ngati minga ya mthethe. Pa Chingerezi amati dendritic spines. Ife lero tingoti timinga.

Kaminga kamodzi kamatalika gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 1,000 a milimita, moti mutandandalika timinga 50 m'pamene mungayandikire kunenepa kwa tsitsi limodzi. Selo limodzi la pamwamba pa ubongo limakhala ndi timinga masauzande ambiri, ndipo maselo ena a kunkhongo, otchedwa maselo a Purkinje, amakhala ndi timinga toposa 100,000 lililonse.

Ntchito yake ndi iyi. Kaminga kalikonse ndi khomo limene chingwe chochokera ku selo lina chimagogodapo. Malo okumaniranawo amatchedwa sinapisi. Uthenga ukafika, chingwe chimatulutsa mankhwala otchedwa glutamate, ndipo mutu wa kaminga uli ndi tizitseko timene timatseguka tikakhudzidwa ndi mankhwalawo. Popeza khosi la kaminga ndi lopyapyala, zimene zalowa m'mutu mwa kaminga kamodzi sizifalikira msanga kwa anzake. Zili ngati buku la ngongole la pa golosale, mmene kasitomala aliyense ali ndi tsamba lake: selo limatha kukweza kapena kutsitsa mphamvu ya khomo limodzi popanda kusokoneza makomo ena masauzande aja. Timinga tina ndi titali ndi towonda, tina ndi tatifupi ngati zitsa, tina tili ndi mutu waukulu ngati bowa. Towondato timabwera ndi kupita. Ta mutu wa bowa ndi tamphamvu ndipo timakhalitsa.

MUNTHU AMENE ANZAKE ANAMUTSUTSA

Woyamba kufotokoza timingati anali dokotala wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal, mu 1888 ali ku Barcelona, poyang'ana ubongo wa mbalame. Anagwiritsa ntchito njira yodetsa maselo ndi mankhwala a siliva imene Camillo Golgi wa ku Italy anatulukira mu 1873. Akatswiri ambiri otchuka a nthawi imeneyo anati zimene Cajal ankaonazo zinali chabe litsiro la siliva lokanirira pa nthambi, ndipo m'zojambula zawo nthambi ankazionetsa zosalala. Cajal sanakangane ndi pakamwa pokha. Mu 1896 anayesanso ndi utoto wina wabuluu wopanda siliva, timinga tija n'kuonekabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1906 Cajal ndi Golgi anagawana mphoto ya Nobel asakugwirizanabe pa za kapangidwe ka ubongo. Cajal anamwalira mu 1934. Umboni wotsiriza unabwera mu 1959, pamene George Gray wa ku University College London anaika ubongo pa makina amphamvu a elekitironi n'kuonetsa kuti timinga tilipodi ndiponso kuti pamutu pake m'pamene zingwe zimagogoda. Panali patapita zaka 71. Ife amene tinakula nthawi imene kutsutsa wamkulu kunali mlandu tiphunzirepo kanthu apa: nzeru zimapita patsogolo kumene wamng'ono ali ndi ufulu wonena kuti akuluakulu alakwitsa, malinga abweretse umboni.

MMERA M'POYAMBA

Mwana amabadwa ali kale ndi pafupifupi maselo onse a ubongo amene adzakhale nawo moyo wake wonse. Chimene chimachuluka akabadwa ndi nthambi ndi timinga. Peter Huttenlocher wa ku Chicago anawerenga masinapisi mu ubongo wa anthu a misinkhu yosiyanasiyana, ndipo mu 1979 anafalitsa zoti kuseri kwa mphumi, mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri ali ndi masinapisi othinana kuposa munthu wamkulu ndi pafupifupi theka. Inde, mwana amene ali kumsana kwa amayi ake ali ndi makomo ambiri kuposa ine ndi inu.

Nanga enawo amapita kuti? Mlimi aliyense akudziwa yankho. Umabzala mbewu zingapo pa phando, zikamera n'kupatulira kuti zotsalazo zikule bwino. Ubongo umachita chimodzimodzi: timinga timene tikulandira mauthenga kawirikawiri timalimba n'kukhala, timene tangokhala chete timachotsedwa. Palinso maselo apadera otchedwa microglia amene amayendayenda mu ubongo n'kumadya masinapisi ofooka. Kupatuliraku sikuchitika nthawi imodzi paliponse. Mbali zoona ndi zakumva zimakhwima msanga. Mbali ya kuseri kwa mphumi, imene imathandiza munthu kudziletsa, kukonza za mawa ndi kulingalira zotsatira za zochita zake, imachedwa kwambiri. Zdravko Petanjek wa ku Croatia ndi anzake anaonetsa mu 2011 kuti kumeneko kupatulira timinga kumapitirira mpaka munthu atadutsa zaka 20. Makolo amene mumadabwa kuti mnyamata wokhoza masamu m'kalasi akuchita zopusa kudambwe kapena kumowa, chifukwa china n'chimenechi.

Tsono popeza chosankha kaminga kotsala ndi kagwiritsidwe ntchito, zimene mwana akuona, kumva ndi kukhudza zimaumba ubongo wake. Mu 1967 Facundo Valverde wa ku Madrid analera mbewa mumdima chibadwire ndipo anapeza kuti timinga ta mbali yoonera tinali tochepa. Akatswiri a ku America m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti makoswe oleredwa pagulu, m'khola lodzaza ndi zoseweretsa, anali ndi nthambi ndi timinga tambiri kuposa oleredwa paokhapaokha.

Umboni wowawa wa anthu unachokera ku ulamuliro wankhanza. Ku Romania, Nicolae Ceaușescu analetsa kuchotsa mimba mu 1966 n'kupondereza njira zolera pofuna kuti anthu achuluke, ndipo pamene anagwa mu December 1989 ana oposa 100,000 anapezeka m'nyumba za boma zosungira ana, ambiri akungogona m'mabedi popanda wowanyamula kapena wowayankhula. Kuyambira mu 2000 akatswiri Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah anatsatira ana 136 a mu mzinda wa Bucharest, theka la iwo ataperekedwa kwa mabanja owalera. Opita ku mabanjawo anaposa anzawo pa nzeru ndi chiyankhulo, ndipo amene anapindula koposa ndi amene anachoka m'nyumbazo asanakwanitse zaka ziwiri. Timinga sitiwerengeka mwa mwana wamoyo, koma zipatso zake zimaonekera poyera.

Chakudya nacho chili pomwepo. Mu 1999 Luis Benítez-Bribiesca ndi anzake ku Mexico anayeza ubongo wa makanda amene anamwalira ndi kunyentchera, ndipo anapeza nthambi zazifupi, timinga tochepa, tina topindikapindika. Apa m'pamene nkhaniyi ikufika pakhomo pathu. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Timaona kufupika kwa msinkhu chifukwa n'kumene sikelo ndi tepi zimayeza, koma njala yomweyo imafikanso m'mutu, pa nthawi imene timinga tikumera.

KUMENE KUKUMBUKIRA KUMAKHALA

Kodi mukaphunzira nyimbo kapena njira ya kwa mnzanu, chimasintha n'chiyani m'mutu? Mu 1949 Donald Hebb wa ku Canada anaganiza kuti selo likamathandiza kawirikawiri kudzutsa selo linzake, mgwirizano wa awiriwo umalimba. Mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo anafalitsa zimene anaona ku Oslo pa akalulu: atatumiza mauthenga amagetsi othamanga kwa timphindi tochepa m'gawo lotchedwa hippocampus, masinapisi anakhala amphamvu kwa maola ambiri pambuyo pake. Kufunika kwa gawo limeneli kunali kutadziwika kale kudzera mwa Henry Molaison wa ku America, amene madokotala anamuchotsa mbali yaikulu ya hippocampus mbali zonse ziwiri mu 1953 pofuna kuchiza khunyu. Khunyu linachepa, koma mpaka imfa yake mu 2008 sankathanso kusunga zochitika zatsopano, ngakhale za ubwana wake ankazikumbukira.

Chinatsala ndi kuona ndi maso. Mu 1990 Winfried Denk, James Strickler ndi Watt Webb ku Cornell anapanga makina a kuwala kwa laser otha kuona m'kati mwa mnofu wamoyo popanda kuuwononga. Pofika 2002 magulu a Karel Svoboda ndi Wen-Biao Gan anali akujambula nthambi imodzimodzi mu ubongo wa mbewa yamoyo tsiku ndi tsiku, ndipo anaona timinga tina tikumera, tina tikufota, ambiri tikukhala pomwepo kwa milungu ndi miyezi. Mu 2004 gulu la Haruo Kasai ku Japan linathira glutamate pa kaminga kamodzi kokha mobwerezabwereza: mutu wake unatupa, mphamvu yake inakwera, koma timinga toyandikana nako sitinasinthe. Lija ndi tsamba limodzi la m'buku la ngongole.

Mu 2009 gulu la Yi Zuo ku California linaphunzitsa mbewa kutenga kambewu potulutsa dzanja pa kampata kakang'ono. Pasanathe ola limodzi timinga tatsopano tinayamba kumera m'gawo lolamula dzanjalo. M'masiku otsatira timinga tina takale tinachotsedwa, moti chiwerengero chonse chinabwerera mwakale, koma ambiri mwa tatsopano tija tinakhazikika chifukwa cha kubwereza ntchitoyo. Patapita miyezi mbewazo zinkadziwabe luso lija. N'chifukwa chake munthu amene anaphunzira kupalasa njinga ali mwana sagwa akaikwera atakula, ndipo inu amene munakhala zaka makumi awiri ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku London munabwera chinenero cha amayi anu chili pakamwa.

Umboni wamphamvu koposa unabwera mu 2015, pamene Akiko Hayashi-Takagi ndi Kasai ku Tokyo anapeza njira yofotetsa ndi kuwala timinga tokhato timene tinakula pamene mbewa inkaphunzira kuyenda pa ndodo yozungulira. Atatifotetsa, mbewa inataya luso lija. Atafotetsa timinga ta ntchito ina m'dera lomwelo, luso la pa ndodo silinakhudzidwe. Kunena mwachidule, zimene taphunzira zimalembedwa pa timinga todziwika, kamodzikamodzi.

Mawu amodzi kwa ophunzira ndi aphunzitsi. Mu 2014 Guang Yang ndi Gan ku New York anaonetsa kuti mbewa zimene zinagona zitaphunzira zinamera timinga tambiri kuposa zimene anazimana tulo. Mwana amene amachezera usiku wonse ndi koloboyi kapena kuviika mapazi m'madzi ozizira kuti asagone pokonzekera mayeso akudzibera yekha. Kuwerenga pang'onopang'ono masiku ambiri, n'kumagona mokwanira, kumaposa kuchezera usiku umodzi.

MANTHA AMASIYA ZIPSERA

Tsopano ndiyankhule ndi inu amene munathawa usiku, amene munagona ku Mikuyu kapena ku Dzeleka, ndi inu amene munatsala kuno mukunong'ona m'nyumba zanu zomwe poopa makutu a khoma. Bruce McEwen wa ku Rockefeller University ndi ophunzira ake anatsekera makoswe m'malo opanikiza maola angapo tsiku lililonse kwa milungu itatu. Nthambi za mu hippocampus zinafupika, ndipo kuseri kwa mphumi nthambi zinafota, timinga n'kuchepa. Koma Sumantra Chattarji ndi anzake ku Bangalore, m'dziko la India, anapeza kuti m'gawo la mantha, lotchedwa amygdala, zimachitika mosemphana: nthambi zimakula ndipo timinga timachuluka. Ndiye kuti nkhawa ya nthawi yaitali imafooketsa mbali yoganiza ndi yokumbukira, n'kulimbitsa mbali yochenjeza za ngozi.

Makoswe aja atapatsidwa milungu itatu yopuma, nthambi za mu hippocampus ndi za kuseri kwa mphumi zinaphukanso, koma za m'gawo la mantha zinakhalabe zokula. Izi ndi za makoswe, ndipo munthu si khoswe, komabe zikufanana ndi zimene mabanja ambiri anaona: bambo anatuluka m'ndende, anayambanso ntchito, nzeru zili bwinobwino, koma galimoto ikaima pakhomo usiku thupi lonse limanjenjemera. Munthu wotere si wamantha ndipo sanalodzedwe. Ubongo wake unaphunzira bwino lomwe phunziro limene unakakamizidwa kuphunzira, ndipo kuphunzira kuti ngozi inatha kumafuna nthawi, mtendere, anthu omumvetsera ndiponso nthawi zina thandizo la achipatala.

Komanso timinga tomweti ndi timene tinasunga zimene olamula ankafuna zifafanizidwe. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo ndakatulo zambiri anazipeka ndi kuzisunga pamtima. Alonda amatha kulanda pensulo ndi pepala, koma chimene munthu wabwereza m'mutu mwake mpaka chakhazikika sachipeza pochita chipikisheni.

TIMINGA TIKASOKONEKERA

Mu 1974 Dominick Purpura wa ku New York anayeza ubongo wa ana amene anali ndi vuto lalikulu la kuphunzira. Maselo analipo, nthambi zinalipo, koma timinga tinali tochepa, titalititali ndi topotoka, ndipo ta mutu wa bowa tinali tosowa. Pa matenda obadwa nawo otchedwa Fragile X timinga timakhala towonda ngati ta khanda, tosakhwima. Pa Down syndrome timakhala tochepa. Pa autism, kafukufuku wa 2010 ndi wa 2014 ku America anapeza timinga tochuluka kuposa mwa ena, zoonetsa kuti kupatulira kuja sikunachitike mokwanira. Ana oterewa si tsoka la banja ndipo si chilango cha mayi. Amaphunzira, aliyense pa liwiro lake, ndipo kuwatsekera m'nyumba poopa manyazi ndi kuwamana zomwe zija zimene timinga timafuna kuti tikule.

Matenda a maganizo otchedwa schizophrenia, amene amachititsa munthu kumva mawu kulibe woyankhula, kawirikawiri amayamba pakati pa kutha msinkhu ndi zaka za m'ma 20, nthawi yomwe ija ya kupatulira kuseri kwa mphumi. Irwin Feinberg anaganiza mu 1982 kuti mwina kupatulirako kumalakwika. Mu 2000 Leisa Glantz ndi David Lewis ku Pittsburgh anapeza kuti m'gawo lina la kuseri kwa mphumi odwalawa anali ndi timinga tochepa ndi 23 pa 100 alionse, ndipo mu 2016 akatswiri a ku Harvard anapeza kuti jini yotchedwa C4, imene imathandiza kuika chizindikiro pa masinapisi oti achotsedwe, imagwira ntchito mopitirira mwa anthu amene ali pa chiopsezo chachikulu. Mnyamata woyenda wamaliseche mu msewu ndi wodwala wofunika chipatala, osati miyala kapena unyolo. Ndipo achinyamata adziwe kuti kusuta chamba kwambiri pa msinkhu umenewu kumakweza chiopsezo cha misala.

Kachilombo ka HIV nako kamafika ku ubongo. Sikalowa m'manyuroni enieniwo, koma kutupa kumene kamayambitsa kumawononga nthambi ndi masinapisi. Chiyambire kupereka ma ARV aulere m'dziko muno mu 2004, anthu ambiri apulumuka ku kusokonezeka mutu kumene kunkabwera Edzi ikakula. Kumwa mankhwala mokhulupirika ndi kuteteza ubongo womwe.

AGOGO SI MFITI

Ndafika pa nkhani imene ikundilemera koposa. Mu 1906 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza za mayi amene anataya kukumbukira pang'onopang'ono, ndipo mu ubongo wake munapezeka zotupa za mapuloteni ounjikana. Mu 1990 Steven DeKosky ndi Stephen Scheff anaonetsa kuti kukula kwa kuiwala kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa masinapisi. Makomo amayamba kutsekeka maselo asanafe. Ndipo hippocampus, malo olembera zatsopano, ndi amodzi mwa malo oyamba kugwidwa. N'chifukwa chake agogo amakumbukira bwino tsiku la ukwati wawo koma aiwala kuti adya kale nsima. Amaitana mdzukulu ndi dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale. Amadzuka usiku kufuna kupita kwawo, kumudzi wa ubwana wawo, n'kupezeka m'bandakucha pakhomo la eni kapena kumanda, mwina chovala chitagwa panjira.

Abale anga, mukudziwa chimene chimatsatira m'midzi ndi m'makomboni mwathu. Anthu amati mfiti yagwa pa ndege yake. Agogo amene sakudziwa kumene ali amafunsidwa mafunso ndi chikhamu cha anthu olusa, amavomera chilichonse, kenaka amamenyedwa, nyumba yawo kuotchedwa, ena kuphedwa kumene. Lamulo la 1911 lokhudza ufiti linaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo la papepala silifika msanga pamene chikhamu chatola miyala. Chimene chingafike msanga ndi mnansi mmodzi wodziwa kuti awa ndi matenda. Bungwe la World Health Organization linati mu 2021 anthu 57 miliyoni padziko lapansi anali ndi matenda oiwalaiwalawa, oposa 60 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Si matenda a azungu okha.

Mankhwala ochiziratu Alzheimer palibe. Atsopano amene anavomerezedwa ku America mu 2023 ndi 2024 amangochepetsa liwiro pang'ono ndipo ndi odula kwabasi. Koma pali nkhani yolimbikitsa. Mu 2017 akatswiri a ku Alabama anayeza ubongo wa okalamba amene anali ndi zotupa zonse za Alzheimer koma anamwalira nzeru zili bwino, ndipo anapeza kuti timinga tawo tinali tochuluka ngati ta anthu opanda matendawa. Ndipo bungwe la akatswiri la magazini ya Lancet linati mu 2024 pafupifupi 45 mwa 100 alionse a matendawa angapewedwe kapena kuchedwetsedwa polimbana ndi zinthu 14, zina mwa izo kusaphunzira, kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri, kuvulala m'mutu, kugontha, kusaona, utsi ndi kukhala wekhawekha.

NANGA TICHITE CHIYANI?

Choyamba, pakhomo. Masiku 1,000 oyamba, kuchokera pa kutenga mimba mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndiyo nyengo ya dzinja ya ubongo. Mayi woyembekezera adye zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi, athire mchere wa ayodini, asamwe mowa. Mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, kenaka phala lotsira nsinjiro, dzira, usipa ndi masamba. Muziyankhula naye, muzimuimbira, muzimuyankha akamachita phokoso lake lija. Abambo, ntchito imeneyi ndi yanunso, ndipo silira ndalama.

Chachiwiri, kwa aphungu athu. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chachikulu. Koma mwana amafika mu Sitandade 1 ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, timinga tambiri titamera kale ndipo kupatulira kutayamba. Ndalama za sikelo ya ana, za chiponde cha onyentchera, za sukulu za mkombaphala ndi za alezi ake si zachifundo ayi, ndi maziko a maphunziro onse. Phungu akabwera kudzapempha voti, mumufunse kuti pa bajeti waikapo zingati.

Chachitatu, chipatala cha odwala maganizo cha ku Zomba sichingasenze dziko lonse. Chipatala chilichonse cha boma chikhale ndi wogwira ntchito wodziwa kuzindikira matenda oiwalaiwala, khunyu, schizophrenia ndi mabala a mumtima, ndiponso mankhwala ake asamasowe.

Chachinayi, mafumu, abusa, mashehe ndi apolisi anene poyera kuti nkhalamba yosochera ndi wodwala woyenera kuperekezedwa kwawo. Timati akulu ndi m'dambo mozimira moto. Tisalole kuti moto uziyatsidwa pa denga la akulu omwewo.

Ndipo kwa ife tonse amene tsitsi layamba kuchita imvi: timinga timamera ndi mu ukalamba momwe, ngakhale mochepa kusiyana ndi pa ubwana. Kayezetseni BP, yendani, chezani ndi anzanu, phunzirani chinthu chatsopano, ndipo auzeni adzukulu zimene munaona m'zaka zija, zabwino ndi zoipa zomwe, kuti zilembedwe m'mitu yawo zisanafufutike m'mitu yathu.